Sitolo Itagwa, Mayina a Ana Anaikidwa Pamsika

M'chaka cha 1999, makolo ambiri ku America anali atangoyamba kuzolowera kugula katundu pa intaneti. Imodzi mwa masitolo omwe ankawakopa inali Toysmart, ya mumzinda wa Waltham ku Massachusetts, yomwe inkagulitsa zidole zothandiza ana kuphunzira. Gawo lalikulu la kampaniyi linali m'manja mwa Disney, dzina lomwe makolo sankalikayikira. Patsamba lake panalembedwa lonjezo lomveka bwino, loti zonse zimene wogula walemba sizidzaperekedwa kwa wina aliyense mpaka kalekale. Panalinso chizindikiro cha TRUSTe, bungwe lomwe linkachitira umboni makampani osunga chinsinsi cha makasitomala awo.

Makolo anakhulupirira. Analemba mayina awo, maadiresi a kunyumba ndi njira zolipirira. Ena anawonjezera mayina a ana awo ndi masiku awo obadwa. Nanga cholakwika chinali chiyani kuuza wogulitsa zidole zaka za mwana wako?

Mu Meyi 2000 sitoloyo inatseka, itamira mu ngongole. Eni ngongole anafuna zawo, ndipo kampani inayamba kuwerengera chilichonse chogulitsika. Posakhalitsa mu nyuzipepala ya Wall Street Journal munatuluka chilengezo cha katundu wa Toysmart yemwe anali pamalonda, ndipo pakati pa katunduyo panali mndandanda wa makasitomala. Dzina la mwana, tsiku lake lobadwa, adiresi ya kwawo ndi zimene banja lake limakonda kugula zinali kudikira aliyense wobwera ndi ndalama.

Bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linakamang'ala kukhoti mu Julayi chaka chomwecho. Pofufuza linapeza china choipa kuposa apa. Toysmart inali ndi mpikisano wa mafunso okhudza zinyama zakalekale zotchedwa dinosaur, ndipo kudzera mumpikisanowo inkatolera mayina, maimelo ndi zaka za ana osafika zaka 13, makolo awo osadziwa kanthu. Apa n'kuti lamulo lotchedwa COPPA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998, litangoyamba kugwira ntchito mu Epulo 2000. Lamuloli limati kampani isanatenge mbiri ya mwana wosafika zaka 13, iyambe yadziwitsa kholo ndi kulandira chilolezo chotsimikizika kuti chachokeradi kwa khololo. Toysmart inakhala kampani yoyamba kuimbidwa mlandu pa lamulo limeneli.

Akuluakulu a zamalamulo a m'zigawo zambiri za dzikolo nawonso anakana kuti mndandandawo ugulitsidwe. Nkhani inatha kumayambiriro kwa 2001, pamene kampani ina ya Disney inapereka madola 50,000 kuti mndandandawo uwonongedwe. Ana aja anapulumuka chifukwa nkhani inamveka ndipo boma linalowererapo msanga. Lonjezo lija palokha silinateteze mwana ngakhale mmodzi.

Mwini golosale wa pamudzi amamudziwa mwana wanu chifukwa mumamutuma sopo ndi mchere, koma salemba tsiku lake lobadwa m'kope, ndipo golosale ikagwa zonse zimathera pomwepo. Sitolo ya pa intaneti siiwala. Chilichonse chimene mwailembera imachiwerengera ngati chuma chake, ndipo chuma chimagulitsidwa, chimabedwa, chimasintha eni. Munthu amene munamupatsa chilolezo dzana akhoza kusakhala amene akusunga mbiri ya mwana wanu mawa.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale, komanso n'za kampani yaing'ono yomwe inali pamavuto. Tiyeni tione Amazon, imodzi mwa masitolo aakulu kwambiri a pa intaneti padziko lonse.

Mu Novembala 2011, Amazon inayamba kulola anthu kugula zinthu ali m'kati mwa masewera a pa tabuleti ndi pafoni. Ambiri mwa masewerawo anali a ana, ndipo poyamba kugula sikunkafuna pasiwedi. Mwana ankangodina kachithunzi kuti apeze timakobidi tamasewera kapena chakudya cha kanyama kake ka m'masewera, osadziwa kuti ndalama zenizeni zikutuluka ku khadi la bambo kapena mayi ake. Kudina kumodzi kokha kunkatha kudya madola 99.99. Madandaulo atachuluka, mu Malichi 2012 kampani inaika pasiwedi, koma pa zinthu zopitirira madola 20 zokha, moti mwana ankatha kudina zotsika mtengo kambirimbiri popanda chomuletsa. Federal Trade Commission inasumira Amazon mu 2014. Mu Epulo 2016 woweruza John Coughenour wa ku Seattle anagamula kuti kampaniyo inalakwa polipiritsa makolo zinthu zomwe sanavomereze. Chaka chotsatira panatsegulidwa njira yobwezera makolo ndalama zomwe zikanatha kupitirira madola 70 miliyoni.

Ndalama zimabwezedwa. Koma pali zina zovuta kubweza, ndipo mlandu wachiwiri wa Amazon ndi umene ukuyenera kutikhudza kwambiri. Kampaniyi imagulitsa timasipika ta Echo, momwe mumayankhula Alexa, pulogalamu yomwe imamva mawu a munthu n'kumuyankha. Mu 2018 inatulutsa mtundu wopangira ana. Makolo anauzidwa kuti ali ndi mphamvu yofufuta mawu ojambulidwa a ana awo nthawi iliyonse. Koma mu Meyi 2023 boma la America linasumira Amazon ponena kuti kwa zaka zambiri inkasunga mawu a ana popanda malire a nthawi, ndipo kuti nthawi zina kholo likapempha kuti afufutidwe, mawuwo ankachotsedwa koma zimene mwana ananena zinkatsala zitalembedwa m'makompyuta a kampani. Malinga ndi chisumocho, ana oposa 800,000 osafika zaka 13 anali ndi maakaunti awoawo pa Alexa. Boma linanenanso kuti mawu a ana anali amtengo wapatali kwa kampani, chifukwa ana sayankhula ngati akulu, choncho mawu awo ankathandiza kuphunzitsa makinawo kumva ana bwino. Amazon inakana kuti inaphwanya lamulo, koma inavomera kulipira madola 25 miliyoni ndi kufufuta mbiri za ana zomwe sizinkagwiritsidwanso ntchito.

Taganizirani zimene mwana amayankhula akakhala yekha kuchipinda. Amatchula dzina lake, la mphunzitsi wake, la mnzake amene wamukhumudwitsa kusukulu. Amafunsa zimene amaopa kufunsa makolo ake. Kholo linadina kuti fufutani, mtima n'kukhala pansi, pamene mawu a mwana wake anali akadali m'manja mwa ena.

M'nkhani zitatuzi muli ulusi umodzi. Chilolezo cha kholo chimaperekedwa kamodzi, mwachangu, kawirikawiri mwana ali pambali akulirira chidole, ndipo kholo silinawerenge masamba ataliatali a malamulo olembedwa m'Chingerezi chovuta. Koma zimene chilolezocho chatsegulira zimakhala zaka. Kampani ili ndi akatswiri olembedwa ntchito kuti kudina "ndavomera" kukhale kosavuta, pamene kubweza mawu kumafuna kufufuza batani lobisika.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abale athu a ku Johannesburg, ku London ndi ku America amagula pa masitolo omwewa tsiku ndi tsiku, ndipo matabuleti ndi mafoni amene amatumiza kumudzi nthawi zina amafika maakaunti awo ali otsegula. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Chipata, foni imene mwana amaseweretsa madzulo ndi yomweyo imene muli ndalama za banja, zithunzi za banja ndi manambala a abale onse. Malamulo alipo ndithu. Ku Britain mwana wosafika zaka 13 sangadziperekere yekha chilolezo chotere. Ku South Africa lamulo la POPIA limateteza mbiri ya aliyense wosafika zaka 18. Ku Malawi lamulo loteteza mbiri za anthu linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe limaliyang'anira. Koma milandu ya ku America ija ikutionetsa kuti lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale. Kuchokera pamene ana anayamba kudina mu 2011 kufika pamene makolo anayamba kubwezeredwa ndalama mu 2017, panadutsa zaka zoposa zisanu.

Choncho mlonda woyamba ndi inu. Sitolo ikakufunsani tsiku lobadwa la mwana, dzina la sukulu yake kapena chithunzi chake, dzifunseni ngati zimenezo zikufunikadi kuti nsapato kapena buku lifike pakhomo. Ngati sizikufunika, musalembe. Ikani pasiwedi pa kugula kulikonse, ngakhale kwa ndalama zochepa, ndipo musasiye khadi la kubanki lili lolumikizidwa ku foni imene mwana amagwira. Musamuthandize mwana kunama zaka kuti atsegule akaunti, chifukwa mukatero mwamuvula nokha chitetezo chimene lamulo linamupatsa. Mukaleka kugwiritsa ntchito sitolo kapena pulogalamu, musangoichotsa pafoni, koma lemberani kampaniyo kuti itseke akaunti ndi kufufuta zonse, ndipo sungani yankho lake. Muphunzitseni mwana kuti mpikisano uliwonse womufunsa dzina ndi imelo ayambe wauonetsa kwa inu.

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangadziwe kuti dzina lake ndi mawu ake ndi malonda kwa anthu ena. Iye amadalira kuti mayi ndi bambo akudziwa zimene akuvomera m'malo mwake. Makolo anzanga, musanadine kuti mwavomera, werengani, funsani, ndipo ngati yankho silikumveka, kanani.