Timatumba tosaoneka ta m'magazi: makalata a omvera

Mtolankhani: Adokotala, kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mzuzu. Akuti anamva zoti khansa ikhoza kupezeka poyeza timatumba tina ta m'magazi. Kodi n'zoona?

Dokotala: Zikomo bambo, simunamve bodza. Maselo a m'thupi amatulutsa timatumba ting'onoting'ono, ndipo tochepetsetsa, totchedwa ma exosome, timakula mananomita 30 mpaka 150 basi. Mu 1967 wasayansi Peter Wolf wa ku Birmingham anatitcha fumbi. Mu 2007 gulu la Jan Lötvall ku Gothenburg linasonyeza kuti timanyamula uthenga wa m'maselo wotchedwa RNA kuchoka ku selo ina kupita ku inzake. Ndiye kathumba kochokera m'chotupa kamanyamula zizindikiro za chotupacho.

Pamene pagona nkhani mpakusankha timatumba ta chotupacho. Timatumba tambiri ta m'magazi timachokera ku maselo a magazi omwewo. Ta chotupa n'towerengeka. M'labotale amazunguza madzi a magazi m'makina pa mphamvu yoposa kukoka kwa dziko ka 100,000, koma chotsalira pansi chimabwera ndi timafuta ndi mapuloteni, ngati mpunga wosapeta. Ena amasefa potengera kukula kwake. Apanso pali msampha: kachilombo ka HIV kamakula mofanana ndi timatumbati, moti sefa sangasiyanitse, ndipo kwa ife kuno imeneyi si nkhani yaing'ono. Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya timikanda ta maginito topakidwa ma antibody ogwira chizindikiro chimodzi, monga EpCAM, chopezeka pa maselo a khansa zambiri. Maginito akakoka, timabwera tokhato tofunidwa, ngakhale timapezeka tochepa ndipo mtengo wake ngokwera.

Ku America kuli kale kuyeza timatumbati mu mkodzo kotchedwa ExoDx, kothandiza dokotala kudziwa ngati bambo afunika kudulidwa kanyama ka prostate kuti kakayezedwe.

Mtolankhani: Mayi wina wa ku Johannesburg waona pa Facebook jakisoni wa ma exosome, akuti amachiza mawondo. Agule?

Dokotala: Mayi, ndalama zanuzo sungani. Mu Disembala 2019 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu, odwala ena ku Nebraska atadwala kwambiri atabayidwa mankhwala otere, ndipo linanenetsa kuti silinavomerezepo ngakhale amodzi. Kafukufuku akadali mkati. Ogulitsawo afunseni kuti timatumbato anatitenga ku maselo ati, anatisankha motani. Za mawondowo, pitani kuchipatala akakujambuleni kaye.