Phunziro la Ulimi: Matimati m'Nyumba ya Pulasitiki ku Madera Ozizira



M'madera okwera monga Dedza ndi Ntcheu, mlimi wa matimati amavutika kawiri pa chaka. Dzinja likafika, masamba amakhala onyowa nthawi yayitali ndipo matenda a chiwawu amatha kuwononga munda wonse m'masiku ochepa. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 13, maluwa ambiri amathothoka osabereka. Komatu m'dzinjamo ndi m'mene matimati amasowa pamsika, mtengo n'kukwera.

Nyumba ya pulasitiki, imene ena amati greenhouse, imathandiza pa zonse ziwiri. Denga lake limatchinga mvula, ndipo usiku mkati mumakhala mofundirako kusiyana ndi panja. Koma mukaitseka tsiku lonse, chinyezi chimachuluka, madzi n'kumadontha kuchokera kudenga, chiwawu n'kuyambira momwemo. Choncho tsegulani m'mbali dzuwa likatuluka, n'kutseka madzulo m'miyezi yozizira.

Thirirani m'mawa, patsinde, osanyowetsa masamba. Mapaipi odonthetsa madzi amasunga madzi ambiri, ndipo chipembedzo chathu chimaletsa kuwononga.

Bzalani motalikitsa pafupifupi masentimita 50. Siyani tsinde limodzi, lomangirira ku chingwe, ndipo chotsani timphukira ta m'mbali sabata iliyonse. Mkati mulibe mphepo yogwedeza maluwa, ndiye gwedezani zingwezo pang'ono cha m'ma 10 koloko m'mawa kuti mungu ugwe, zipatso zigwire.

Musamange nyumbayi pamalo pamene munali mbatata ya kachewere. Mbewu ziwirizi n'za banja limodzi ndipo zimapatsirana chiwawu komanso matenda ofotetsa amene amakhalitsa m'dothi. Yang'ananinso masamba kawirikawiri. Mukaona timizere toyererako mkati mwa tsamba, mwina ndi mbozi ya Tuta absoluta. Chotsani masambawo ndi kuwakwirira kutali.

Mukapopera mankhwala, dikirani masiku olembedwa pa botolo musanathyole. Wogula sangaone mankhwalawo ndi maso, koma wogulitsa amadziwa, ndipo adzayankha pamaso pa Allah.

Makolo ndi a komiti amene akulingalira zomanga nyumba yotere ayambe ndi yaing'ono, pafupi ndi madzi odalirika, ndipo akhale ndi munthu woitsegula ndi kuitseka tsiku lililonse.

Funso la ophunzira: n'chifukwa chiyani nyumba yotsekedwa tsiku lonse ingaphe matimati ngakhale mvula sikulowa? Tidzakambirana m'kalasi, insha Allah.