Mkodzo Ukachepa: Adokotala Ayankha Makalata Anu

Muulutsi: Adokotala, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota. Akuti: "Bambo a kunyumba, amene apitirira zaka 60, akhala akutaya madzi modontheza. Sabata yatha anachezera usiku wonse akubuula, chinena chitatupa, popanda chotuluka kufikira m'mawa. Achibale akuti tiwamwetse madzi ambiri ndi zitsamba."

Dokotala: Zikomo mayi, pakuti mwaulula chimene ambiri amachibisa ndi manyazi, pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mkodzo ukasowa, mwina impso zaleka kuupanga, mwinanso zikuupanga ndithu koma njira yatsekeka, ndipo mwa kufotokoza kwanu ndiganiza kuti bambowo vuto lawo ndi lachiwirili. Mwa amuna achikulire muli kachiwalo kotchedwa prostate, kokhala pansi pa chikhodzodzo mozinga njira ya mkodzo, kamene kamakula pamodzi ndi zaka. Ndipo kakaipana njirayo, monga munthu aponda paipi ya madzi, chikhodzodzo chimadzaza, chinena chimalimba, ndipo mkodzo, posowa kolowera, umabwerera m'mbuyo kukavulaza impso. Madzi ambiri pa nthawi yotere angowonjeza ululu, zitsamba nazo sizitsegula njira. Zikachitikanso, thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo, kumene adzawalowetsa kachubu kotulutsa mkodzowo. Koma ngakhale tsopano apite akawayeze, ndipo asabise ngati anakodzapo magazi, pakuti inu a kunyanja mulidziwa likodzo, limene likakhalitsa m'thupi limaumitsa chikhodzodzo ndi kupanikiza njira zochokera ku impso. Mankhwala ake ndi praziquantel.

Muulutsi: Ina yachokera kwa bambo wa ku Nsanje. Akuti khanda lawo likatsekula m'mimba, thewera limakhala louma tsiku lonse.

Dokotala: Apa, bambo, nkhani yatembenuka, pakuti impso zili kuumira madzi ochepa amene atsala m'thupi, ndipo madziwo ndiwo mankhwala. Amake asaleke kuyamwitsa, ndipo mwanayo mum'mwetse Thanzi ORS pang'onopang'ono, ngakhale akusanza. Koma akatha maola 8 osanyowetsa thewera, liwombo ndi maso zitalowa, ndikudandaulirani, musadikire kuti kuche. Wamkulunso amene mkodzo wake sufika mamililita 400 pa tsiku, ndiwo makapu awiri osadzaza, aonane ndi dokotala tsiku lomwelo, ndipo aleke kumwa Brufen, popeza amalemetsa impso zimene zatopa kale.