Kampani Yatsopano: Muyambe ndi No-code Kapena Muphunzire Kulemba Code?

Funso: Kodi no-code n'chiyani?

Yankho: Ndi zida za pa intaneti zopangira webusaiti kapena app popanda kulemba code. Mumangosanja mabatani ndi mafomu, n'kuuza chidacho zoti chizichita munthu akadina. Zodziwika ndi Bubble, Webflow, Zapier ndi Glide, imene imasandutsa zomwe mwalemba mu Google Sheets kukhala app ya pafoni.

Funso: Kodi kampani yeniyeni ingayambe motero?

Yankho: Ingayambe ndithu. Groupon ya ku Chicago inayamba mu 2008 pa tsamba wamba la WordPress, makuponi n'kumawatumiza kwa ogula pa imelo. Ryan Hoover anayambitsa Product Hunt mu 2013 ngati mndandanda wa maimelo chabe. Onsewa anafuna kudziwa kaye ngati alipo anthu ofuna malonda awo. Zimamvetsa chisoni kuona wachinyamata atatha chaka akulemba pulogalamu, n'kudzapeza kuti palibe woigula. Ndi no-code yankho limenelo mumalipeza m'masabata ochepa.

Funso: Nanga choipa chake n'chotani?

Yankho: Muli m'nyumba ya lendi. Mwini wake akakweza mtengo mulipira, akati tulukani mutuluka. Bubble salola kuti mutenge code ya app yanu n'kupita nayo kwina, choncho tsiku losamuka mudzamanganso kuyambira pansi. Ngakhale odziwa code zinawaonekera: mu Januwale 2016 Facebook inalengeza kuti itseka Parse, malo ake a pa intaneti oyendetserapo ma app, ndipo onse amene anaikapo ma app awo anapatsidwa chaka chimodzi kuti asamuke.

Kwa ife kuno kwathu palinso nkhani ya ndalama. Zida zimenezi zimalipiridwa m'madola mwezi ndi mwezi, pamene makasitomala anu akulipira m'makwacha. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yotero inakwera tsiku lomwelo. Komanso zida zambiri zinakonzedwa kuti zizilandira ndalama kudzera pa Stripe, osati pa Airtel Money kapena Mpamba. Kuzilumikiza ndi njira zathuzi kumafuna munthu wodziwa API, njira imene mapulogalamu amalumikizirana.

Funso: Ndiye ndani ayenera kuphunzira code?

Yankho: Amene malonda ake ndi pulogalamu yeniyeniyo. Tobias Lütke ankagulitsa ma snowboard pa intaneti ku Canada. Mapulogalamu a sitolo amene analipo sanamukhutiritse, ndiye analemba pulogalamu yake ndi Ruby on Rails, ndipo mu 2006 inakhala Shopify. Koma dziwani kuti iyeyu anali kale katswiri wa code asanayambe.

Funso: Ineyo ndiyambire pati?

Yankho: Ngati simunapeze kasitomala wolipira ngakhale mmodzi, yambani ndi no-code sabata ino, ndipo muzisunga mayina ndi manambala a makasitomala anu pamalo anuanu. Madzulo muziphunzira JavaScript ndi SQL pang'onopang'ono. Maphunziro a freeCodeCamp ndi CS50 ya Harvard ndi aulere, chimene mudzalipire ndi bandulo yokha.