KASUNGIDWE KA BOTI M'NYENGO YOZIZIRA

M'phunziro la Jogalafe tinamva za dziko la Canada, kumene nyanja zimaundana. Ambiri tinaseka pomva kuti kumeneko boti amalifunditsa ngati mwana. Ine sindinaseke nawo, popeza nkhaniyi inandikumbutsa zimene ndinawononga kwathu ku Nkhotakota. Ndiloleni ndikufotokozereni zimene ndinaphunzira.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Madzi akazizira kufika pa 0°C amaundana, ndipo amafufuma ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 aliwonse. N'chifukwa chake botolo lodzaza madzi limaphulika mukaliiwala mufiriji. Madzi otsalira m'injini kapena m'ming'alu ya matabwa amachitanso chimodzimodzi: amakankha mpaka chitsulo kapena thabwa ling'ambike. Ngakhale njira ya zombo zikuluzikulu ya St. Lawrence Seaway, imene inatsegulidwa mu 1959, imatsekedwa chaka ndi chaka kuyambira chakumapeto kwa Disembala kapena kuchiyambi kwa Januwale mpaka mu Malichi.

Nanga mwini boti laling'ono amatani?

Choyamba, amalitulutsa m'madzi chisanu chisanafike, nthawi zambiri mu Okutobala. Amalitsuka kuchotsa ndere ndi matope, kenaka amalisiya kuti liume.

Chachiwiri, saliika pansi ayi. Amalisanja pa mitengo kapena pa ngolo yake, mutu uli m'mwamba pang'ono, natsegula kabowo ka kumbuyo kuti madzi onse atuluke.

Chachitatu, amasamala injini. Amakhetsa madzi onse, ndipo mu injini zina amathiramo mankhwala oletsa madzi kuundana. Amasinthanso oyilo, ndipo batire amakalisunga m'nyumba.

Chachinayi ndiye kufunditsa. Amamanga kadenga ka mitengo pamwamba pa boti, kosongoka ngati denga la nkhokwe, n'kuyalapo lona. Akatero chipale chofewa chimatsetsereka m'malo mounjikana ndi kuthyola zinthu. Koma mfundo yaikulu nayi: amasiya mipata yoti mphepo izilowa ndi kutuluka. Boti lokulungidwa kotheratu limachita thukuta m'kati, ndipo chinyezi chimabala nkhungu ndi kuoletsa matabwa.

Mwina wina afunsa kuti, "Ife kuno madzi saundana, zikutikhudza bwanji?" N'zoona. Komabe nafenso tili ndi nyengo ya mwera, makamaka mu Juni ndi Julayi, pamene mafunde amakula ndipo masiku ambiri asodzi sapita panyanja.

Chaka chatha bambo anga anadwala nagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Nditafika patchuthi ndinapeza bwato lawo la mbawa likumenyedwa ndi mafunde pagombe. Ndinaitana anzanga, tinalikokera kumtunda kuseri kwa nyumba. Pofuna kuonetsa kuti ndine mwana wasukulu, ndinalikulunga ndi pulasitiki yakuda lisanaume, ndi kumanga zolimba ndi chingwe. Ndinalisiya pa dothi pomwepo. Agogo anandiyang'ana nati, "Mdzukulu wanga, mtengo umapuma." Ine ndinayesa nkhambakamwa chabe, ndipo ndinabwerera kuno ku seminale mtima uli m'malo.

Patapita miyezi itatu bambo anachira navundukula bwato lija. M'kati munali nkhungu yokhayokha, ndipo kunsi chiswe chinali chitadya malo aakulu ngati mbale ziwiri. Anamata ndi phula ndi zidutswa za malata, koma mpaka lero limalowa madzi, moti mng'ono wanga amakhalira kukapa pamene bambo akupalasa. Sangapitenso kutali kumene kumapezeka usipa wambiri. Bwato limenelo ndilo limatidyetsa, ndiponso ndilo limalipira fizi yanga. Teremu yotsatira amayi anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndibwerere kusukulu. Bambo sanandikalipire. Anangoti, "Madzi akatayika saoleka, koma mawa uzifunsa."

Tsopano ndikuona kuti mwini boti wa ku Canada ndi agogo anga amadziwa chinthu chimodzi. Kuno mdani wathu si madzi oundana koma chiswe, chinyezi ndi dzuwa limene limang'amba mtengo ukauma mofulumira. Choncho bwato lofuna kusungidwa nthawi yaitali litsukidwe, lisanjidwe pa miyala kapena mitengo kuti lisakhudze dothi, livundikiridwe chafufumimba kuti madzi a mvula asadikhemo, ndipo likhale pamthunzi kapena pansi pa chisakasa cha udzu pamene mphepo ikudutsa. Mwini wake azipita kukalizonda sabata iliyonse, makamaka kunsi.

Anzanga ochokera ku Mangochi, Salima ndi ku Chilwa, tchuthi chikubwerachi mukaone mmene mabwato a kwanu agonera. Ine ndayamba kale kusunga kandalama kogulira phula, ndipo ndikafika ndikamanga chisakasa. Ulendo uno ndikayamba ndafunsa agogo.