Phunziro la Mwezi Uno: Makina Onolera Nzeru za Ana Athu

Kuwerenga Mawu: Danieli 1:1-21

Amayi anzanga mwa Ambuye, ambiri a ife tinaphunzira kulemba ndi chala pamchenga kapena pa sileti. Zidzukulu zathu zikukula m'nyengo ina. M'chaka cha 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, anayesa kuphunzitsa ana masamu pa matabuleti a bungwe la onebillion. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT, imene cholinga chake ndi kufikitsa matabuleti otere m'sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Amawatchaja ndi magetsi a dzuwa. Mwana amavala zomvera m'makutu, ndipo makinawo amamuyankha ngati wakhoza kapena walakwa. Mwana wa ku Kameme kapena ku Nthalire, amene ali m'kalasi yodzaza, akhoza kupeza mphunzitsi womudikira iye yekha osatopa. Ichi ndi chinthu chabwino, ndipo tisachite nacho mantha.

Koma m'thumba mwa ana athu a ku sekondale muli makina ena. Kuyambira mu 2022, pamene ChatGPT inatuluka, foni ikhoza kulemba chimangirizo chonse mwana akungoyang'ana. Mdzukulu wanga wina wa Fomu 3 anandiwerengera chimangirizo chake cha Chingerezi chosalala bwino. Nditamupempha kuti andifotokozere m'chilankhulo cha kwathu zimene walembazo, anayamba kukanda m'mutu. Sindinamukalipire, koma usiku umenewo sindinagone msanga.

Tiyeni tione Danieli. Mfumu Nebukadinezara inasankha anyamata anzeru mwa akapolo a ku Yuda kuti iwanole zaka zitatu. Inawapatsa maphunziro ndi chilankhulo cha Akasidi, mayina atsopano, ndiponso chakudya ndi vinyo za pa gome lake. Taonani kuti Danieli sanakane sukulu ya ku Babulo. Anaphunzira mabuku awo, analankhula chilankhulo chawo. Chimene anakana ndi chakudya chimene chikanamudetsa pamaso pa Mulungu wake. Ndipo sanachite makani. Anapempha mwaulemu kuti iye ndi anzake atatu, Hananiya, Misaeli ndi Azariya, ayesedwe masiku khumi akudya zamasamba ndi kumwa madzi, kenaka woyang'anira aone yekha nkhope zawo. Pakutha pa zaka zitatuzo mfumu inawafunsa mafunso pamaso ndi pamaso, ndipo anapambana anzeru onse a m'dzikomo.

Ife tilibe gome la mfumu, koma tikhoza kubwereka mayeso a Danieli. Chida chilichonse chimene akuti chikuwonjezera nzeru za mwana, tichichotse kaye pang'ono tione chotsala. Mwana amene waphunzira kuwonkhetsa pa tabuleti, mukamutuma kumsika wa pa Boma adzabwera ndi chenje cholondola. Pamenepo makina anola mutu wake ngati mwala wonolera khasu. Koma amene foni yamulembera, foniyo ikatha moto nayenso nzeru zatha, chifukwa makinawo anangomulimira munda iye atakhala pamthunzi. Komanso kupereka kwa aphunzitsi ntchito imene sunagwire ndi bodza, ngakhale palibe munthu amene wakuuza yankho. Tsiku la mayeso a MSCE foni sililoledwa m'chipinda cholembera.

Za ana amene amamwa zakumwa zoletsa tulo kapena mapiritsi kuti awerenge usiku wonse sinditalikitsapo. Khofi wa ku Misuku ndi wokoma, koma mutu wosagona susunga zimene wawerenga. Mankhwala amene dokotala sanalembe asalowe m'nyumba zathu.

Pali chinanso chimene chikutikhudza ife a ku Chitipa kuposa ena. Matabuleti a m'sukulu amaphunzitsa m'Chichewa ndi Chingerezi, pamene mwana kunyumba amalankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha kapena Chitumbuka. Aphunzire ndithu, monga anachitira Danieli. Koma ngakhale ku nyumba ya mfumu ankamutcha Belitesazara, m'buku lonse tikumupeza akudzitchulabe Danieli. Nthano, miyambi ndi pemphero la madzulo m'chilankhulo cha amayi ake, mwana sadzazimva m'zomvera m'makutu zija. Zimenezo azimve kwa inu pamene mukusenda nyemba kapena kupeta mawere.

Pokambirana m'magulu: Kodi mayi amene sadziwa kuwerenga Chingerezi angadziwe bwanji ngati mwana wake walemba yekha ntchito ya kusukulu? Nanga pa mpingo pathu pali ana angati amene kwawo kulibe foni, ndipo tingawathandize bwanji kuti asatsalire? Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere atafunsa mwana mmodzi kuti amufotokozere, m'chilankhulo cha pakhomo, chimene waphunzira sabata imeneyo, ndipo adzatiuze zimene anamva.