Goloboyi akataya mpira: zoyenera ndi zosayenera podzudzula wosewera

Loweruka masana pa Nsaru, mukadutsa pa shedi ya vidiyo kapena pansi pa mtengo pomwe a kabaza amadikirira okwera, mupeza wailesi ili pakati, anthu ataizinga ngati moto wa m'nyengo yozizira. Timu ikagonja sipadutsa mphindi zisanu wolakwa asanapezeke. M'bwalo munali anthu 11, koma dzina limatuluka limodzi: goloboyi, kapena wakutsogolo amene waphonya, kapena uja wapakati yemwe timati ndiye amagawa mipira. Ku America, pa mpira wawo wogwira ndi manja uja, kuli wosewera amene amamutcha quarterback, woponyera anzake mpira. Timu ikapambana ulemu umakhala wake, ikagonja nyuzipepala ndi mawailesi zimamudya sabata yathunthu. Kwathu kuno mtolo umenewu tinamusenzetsa kwambiri goloboyi.

Kudzudzula sindikuletsa ayi. Munthu amene walipira pachipata, kapena wagula mabatire a wailesi ndi ndalama ya mtedza wake, pakamwa ndi pake. Chimene ndikupempha n'chakuti tidzudzule zimene maso athu aona m'bwalo, munthuyo timusiye wamphumphu.

Choyenera: tchulani cholakwacho ndi mphindi yake. Pa 18 January 2010 ku Cabinda, m'dziko la Angola, Flames ikusewera ndi Mali mu mpikisano wa mayiko a mu Africa, Swadick Sanudi anamenya molakwika mpira woti auchotse pagolo, ukagwera Frédéric Kanouté, ndipo mphindi yoyamba isanathe tinali titamwa kale. Seydou Keita anaonjezera chachiwiri anthu asanakhazikike n'komwe pamipando, masewero n'kutha 3-1. Kunena kuti Sanudi analakwitsa pamenepo ndi zoona, ndipo mwini wake sangakane.

Chosayenera: kufufuta zaka zonse za munthu ndi mphindi imodziyo. Sanudi yemweyo ndiye anali pagolo sabata imodzi m'mbuyo mwake, pa 11 January ku Luanda, pamene tinakwapula Algeria 3-0 ndi zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Algeria imeneyo inali ikupita ku World Cup chaka chomwecho, koma ukonde wathu sinaugwedeze. Pakati pa masewero awiriwa tinagonja 2-0 kwa eni nthaka, ndipo chigoli cha Manucho chinabwera kaputeni Peter Mponda atalandidwa mpira. Akanakhala munthu womvera za m'mabawa, bwenzi atasiyira pomwepo. Mponda yemweyo ndiye anatsogolera Silver Strikers ngati mphunzitsi kukatenga ligi ya TNM mu 2024.

Choyenera: bwererani m'mbuyo pang'ono musanaloze chala. Chigoli chisanalowe, mpira umakhala utadutsa anthu khumi. Ndani anautaya pakati? Ndani anasiya munthu wake n'kumayang'ana kwa oyimbira, dzanja lili m'mwamba, kupempha ofusayidi yomwe kunalibe? Wakutsogolo amene mukuti sagoletsa uja, walandira mipira ingati yoti n'kuchita nayo kanthu? Chala chimodzi sichiswa nsabwe, timatero tikapambana. Tikagonja mwambiwu timauiwala.

Chosayenera: kuiwala kuti mbali inayo kulinso anthu odziwa mpira. Pa 25 January 2022 ku Yaoundé, Achraf Hakimi anamenya fulikiki yomwe inatichotsa mu mpikisano wa mayiko a mu Africa, Morocco 2, Malawi 1. Mpira umenewo ndi agoloboyi ochepa padziko lapansi amene akanaugwira. Charles Thomu amene anali pagolo tsiku limenelo ndi yemwe sabata yapitayo anakaniza Senegal ya Sadio Mané kugoletsa, masewero n'kutha 0-0, ndipo Senegal imeneyo ndiyo inakatenga chikho. Nthawi zina palibe wolakwa. Mnzanu wangokuposani, basi.

Choyenera, ndipo apa ndikulankhula ndi inu atolankhani ndi owulutsa mawu: onerani masewerowo nokha, ndipo mumufunse mwini wake musanalembe. Kumudzi kuno ambiri Bingu National Stadium timangoimva, ngakhale ili m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Ndalama ya minibasi, ya pachipata ndi ya chakudya, ukaziphatikiza ndi za sopo wa mwezi. Ndiye maso athu ndinu. Mukanena kuti wosewera wakutiwakuti anali waulesi, mawu amenewo amafika ku Kabudula, ku Nambuma mpaka ku Namitete ngati uthenga wa paguwa, ndipo palibe amene angakutsutseni poti sitinaone. Onetsetsani kaye ngati munthuyo anali bwino m'thupi. Anyamata okonda Liverpool pano sanaiwale Loris Karius, goloboyi amene anapatsa Real Madrid zigoli ziwiri pa ndime yomaliza ya Champions League ku Kyiv pa 26 May 2018. Dziko lonse linamuseka. Patangopita masiku ochepa, madokotala a ku Boston atamupima ananena kuti anavulala m'mutu pa masewero omwewo. Koma nkhani yachiwiriyi inayenda pang'onopang'ono ngati ngolo, pomwe yoyamba ija inali itafika kale paliponse.

Chosayenera: kutola za pa Facebook ndi WhatsApp n'kuzisandutsa nkhani. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chimodzimodzinso pa mapologalamu oimba foni aja: munthu waimba, wayamba kutukwana wosewera ndi dzina, inu muli phee kapena mukuseka chapansipansi poti omvera akuchuluka. Batani lodulira foni lili m'manja mwanu. Mukalisiya, mwanowo ndi wanu.

Choyenera: ngati mukukhulupirira kuti wina wagulitsa gemu ndipo muli ndi umboni, kauperekeni kwa oyendetsa mpira. Masewero a ligi yaikulu ali ndi SULOM, mpira wonse uli ndi FAM, ndipo ngakhale bonanza ya pa sukulu imakhala ndi komiti yake.

Chosayenera: kukuwa kuti “wadya ameneyu!” chifukwa choti mpira wamupulumuka m'manja. Mawu awiri amenewa amaononga munthu kuposa kuthyoka mwendo, chifukwa mwendo umapola. Ndaona kuti masiku ano ofulumira kunena zimenezi ndi aja obetcha. Munthu waika K500 pa matimu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri apambana, imodzi yamugwetsa, ndiye mkwiyo wonse wa feteleza amene anamuwerengera kale m'mutu ukathera pa mnyamata amene sakudziwa n'komwe kuti kuli tikiti yoteroyo. Achimwene, tikiti yanu ikafa, wosewera alibe nanu ngongole. Dziwaninso kuti kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti ndi mlandu. Uthenga wa mawu umene mwatumiza pa gulu mutakwiya umatsala m'mafoni mwa anthu inu mutaiwala kale.

Choyenera: nkhani ya mpira ithere pa mpira. Nenani kuti sathamanga, sadumpha, amaopa kugundana, amakonda kucheza ndi mpira anzake ali poyera. Zonsezi ndi za m'bwalo, ndipo wosewera wanzeru akazimva amakazikonza ku mapulakatisi.

Chosayenera: kulowetsamo mayi ake, mkazi wake, mtundu wake kapena kumene amachokera. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndinali m'gulu la oseka. Chaka china, titangokolola, panali bonanza pa bwalo lina la sukulu kufupi ndi kwathu. Mphoto yake inali mbuzi ndi mpira watsopano. Goloboyi wa timu ya mudzi wathu anali mnyamata wa fomu 2, wopanda magolovesi, atavala juzi ya mkulu wake. Pa ndime yomaliza, mpira wofooka unagunda kachulu, n'kumudutsa pakati pa miyendo. Mbuzi inapita kutsidya. Pofika madzulo nyimbo inali itapekedwa kale, ndipo m'nyimbomo munalibe za kachulu, munali dzina la mayi ake. Mayiwo ankagulitsa zitumbuwa pamsika. Sabata yonse ana ankadutsa pa beseni lawo akuimba, akuluakulu ena n'kumafunsa kuti, “Mayi, kodi zitumbuwazi nazonso zimadutsa pakati pa miyendo?” Mayi aja ankangoyankha kuti, “Zikomo bambo,” n'kuweramitsa mutu. Mnyamatayo sanaimenso pagolo. Timu yathu inatha zaka ziwiri ikusinthanitsa anthu pamenepo, poti aliyense ankakana. Kachulu kaja kalipo mpaka lero, palibe anabwera ndi khasu kudzakasalaza.

Pa Flames matenda omwewa amavala malaya ena. Wosewera akaphonya, ena amayamba kuwerenga kuti m'timumo a kumpoto alimo angati, a kum'mwera angati, a Bullets angati, a Wanderers angati. Pamene Gabadinho Mhango, mwana wa ku Rumphi, ankagoletsa ziwiri zija pa Zimbabwe ku Bafoussam pa 14 January 2022, pa Nsaru palibe anafunsa kwawo. Tonse tinavina. Ku England nako zinaoneka mu July 2021: Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka ataphonya mapenate posewera ndi Italy pa ndime yomaliza ya mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, anthu ena anasiya za penate n'kuyamba za khungu lawo.

Choyenera: yamikani ndi muyezo. Chigoli cha Gabadinho pa Morocco, chimene anamenyera kutali kuja n'kumudutsa Yassine Bounou pamutu, chinali chokoma, ndipo tidzafotokozera adzukulu. Kumbukiraninso kuti mu nyengo ya 2019/20 anagoletsa 16 ali ku Orlando Pirates, n'kugawana ndi Peter Shalulile mphoto ya womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku South Africa.

Chosayenera: kumukweza munthu pamwamba pa mtengo n'kuchotsa makwerero. Tikamutcha mpulumutsi Lachiwiri, ndiye kuti tikuyembekeza chozizwitsa Loweruka lililonse, ndipo tsiku limene wasewera ngati munthu wamba timati watinyenga. Amene amaimba mokweza potamanda ndi omwewo amayamba kutukwana. Wosewera sanasinthe, asintha ndi ife.

Choyenera: mukakwiya, tsekani wailesi, kagoneni, mukambe mawa.

Chosayenera: mwala, botolo, kapena kudikirira munthu panjira. Andrés Escobar wa ku Colombia anadzigoletsa yekha posewera ndi United States pa World Cup ya 1994. Patangotha masiku khumi, pa 2 July, anaomberedwa ku Medellín. Musati n'zakutali. Mwala umene umaponyedwa pa bwalo la sukulu umachokera mumtima womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti ife tilibe mfuti.

Nanunso osewera muli ndi mbali yanu. Choyenera: mvetserani. Pakati pa phokoso lonselo mumakhala mdala mmodzi amene anaonera mpira kuyambira nthawi ya Kinnah Phiri akusewera, ndipo akati mumaima patali ndi mzere wanu, akunena zoona. Mukalakwitsa vomerani msanga, anthu a kuno amakhululukira wovomera. Chosayenera: kutenga foni usiku n'kuyamba kuyankha aliyense, kapena kunyoza masapota kuti sanamenyepo mpira. Kuti udziwe kuti ndiwo zapsa sizilira kuti ukhale wodziwa kuphika. Ndipo anthu amene mukuwanyozawo ndi omwe amalipira pachipata.

Nyengo ya mabonanza ikubweranso, fodya akangolowa ku okushoni ndi chimanga m'nkhokwe. Inu a komiti, tsiku lisanafike tumani anyamata ndi makasu akasalaze pagolo, ndipo pa ndalama ya mphoto patulani yogulira magolovesi awiri. Inu oonera, mwana wa mnzanu akataya mpira, muuzeni mmene akanaugwirira, mayi ake muwasiye agulitse zitumbuwa zawo.